Bokosi la ku Pasifiki Lafikira ku Makwasa

Bokosi limene ndinatumiza ku nyanja ya Pasifiki lafika bwinobwino ku Makwasa, m'boma la Thyolo. Palibe chasweka. Ndikuthokoza onse amene anatengapo mbali.

Amalawi anzanga a mu Indiana muno, a pagulu lathu lino la pafoni, khalani pansi. Amene muli pa shifiti pitani kubafa mukawerengere konko, nkhaniyi ndi yaitali. Ndikudandaula za bambo aja a pa Lafayette Road ku Indianapolis, amene amatitumizira katundu. Dzina sinditchula, ndinaleredwa. Tonse timawatcha a Kontena. Ndi dikoni kutchalitchi, amavala tayi ngakhale ponyamula migolo, ndipo chiwadziwireni palibe anawaonapo mano. Pachitseko cha shopu yawo analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti amatumiza katundu kulikonse padziko lapansi. Kulikonse. Mawu amenewo muwasunge, tiwafuna kutsogoloku.

Kwa amene simundidziwa, ndine Fatsani wa ku South Bend. Ndinabwera kudzaphunzira za unamwino, koma chaka chachiwiri ine ndi koleji tinagwirizana zosiyana mwamtendere, popanda ankhoswe. Pano ndimasambitsa nkhalamba za eni dziko kunyumba yosungirako okalamba. Ndimakhala ndekha m'kachipinda ka kufupi ndi chipatala, ndipo amene amandichezera mosaphonya ndi saireni ya ambulansi. Ikamadutsa ndimayankha kuti ndili bwino, kaya inu.

Bokosilo linali la Tiyamike. Ine ndi iye tinabwera ndege imodzi kuchokera kumudzi. Iye sukulu anamaliza, chipewa cha makona anayi anavala, ndipo tsiku lina mpingo utafunsa amene angadzipereke kukaphunzitsa ana ku zilumba za Marshall, anakweza mkono. Ndinali pambali pake pabenchi. Ndinkayesa akudziwongola.

Mufunsa kuti Tiyamike ndi ndani wanga. Funso labwino, nanenso ndikufufuza. Ndakhala ndikumuuza kuti ndidzamukwatira kuyambira tili mu ndege muja, ndipo nthawi zonse amaseka mpaka kugwira pamimba. Vuto ndi nkhope yangayi. Ponena zoona ndi ponena nthabwala imakhala imodzimodzi, ngati ya pa pasipoti. Ena mukukumbukira mbuzi ija ndinalengeza pa komiti ya ukwati kuti ikubwera pa sitima ya ku Chicago italipira tikiti ya mwana, anthu n'kukaidikirira pasiteshoni ya ku bwalo la ndege atanyamula chingwe. Za mbuziyo sindipepesa. Anthu anadziwana pasiteshoni paja, ena pano ali pabanja.

Kumene ali Tiyamike foni siimbika. Pasukulu pali intaneti imene amawatsegulira aphunzitsi kamodzi pamulungu, ndipo imanyamula mawu olemba okha. Ukatumiza chithunzi chimangozungulira mpaka tsiku lachiweruzo. Nthawi ya kumeneko ili patsogolo kwambiri, moti iye akamatsekera Sabata ine ndimakhala ndili m'tulo, malaya opitira kutchalitchi ndisanasite n'komwe. Mpingo umodzi, koma ngakhale Sabata sitisungira limodzi.

Mu Disembala analemba. Magalasi ake a maso anathyoka mwendo, galasi la diso limodzi n'kung'aluka, ndipo mphunzitsi wa masamu, mnyamata wa ku Fiji, anamumangira ndi chingwe cha mbedza. Mnyamata ameneyu ndilibe naye chifukwa. Ndikungoti wa masamu azipanga masamu. Analembanso kuti tsitsi lake lasanduka nkhalango. Pachilumba chonse palibe chipeso cholowa, palibe meshi, palibe wodziwa kuluka tsitsi lathuli. Ana a m'kalasi amapempha kuligwira akakhoza mayeso. Kenako mzere womaliza: akuluakulu a sukulu amupempha kuti awonjezere chaka china, ndipo yankho lake lidzapita ndi sitima yobwera cha mu Epulo.

Ndinalemba kuti asayankhe asanatsegule bokosi.

Iye anati, "Bokosi lake liti? Likwera sitima imodzi ndi mbuzi ija?"

Ndinagula zonse. Magalasi atsopano a muyeso wa maso ake, meshi wodzaza theka la bokosi, zipeso za mano akuluakulu, mafuta a tsitsi, nyali ya sola, zitenje ziwiri. Ndipo pansi penipeni, m'sokosi, wotchi. Inu a mipingo ina mumve: kwathu ku Sabata mphete sitivala. Mnyamata akatsimikiza mtima amapereka wotchi, ndicho chikole chathu. Mtsikana woleredwa mumpingo akalandira wotchi kwa mnyamata safunsa kuti ndi yanji. Kalata sindinaikemo, dala. Kalata yanga akanaiseka. Wotchi ilibe nkhope. Ndinaitchera pa nthawi ya pachilumbapo, kuti akangoitulutsa m'sokosi ikhale ikunena zoona.

Wina afunsa kuti bwanji osapita ku positi. Positi imafikitsa ku Majuro basi, likulu la dzikolo. Kuchoka apo pamafunika munthu wolandira, wosunga, n'kukakweza bokosi mu sitima yopita kuzilumba zakutali. Munthu ameneyo ndinalibe. A Kontena pafoni anati, "Mwana wanga, ife tili ndi anthu paliponse." Komanso paja timalalikidwa kuti tizithandiza wathu.

Lamlungu lina mu Januwale, sinowo ali mbuu, ndinadrayiva kuchoka ku South Bend mpaka ku Indianapolis, bokosi lili pampando wakutsogolo nditalimanga lamba. Linali pasenjala wanga woyamba chichokereni Tiyamike. Tinacheza ndithu.

Mushopu munali migolo ya buluu mpaka kudenga, matilesi, njinga, mafiliji, zonse za kumudzi. Mayi a Kontena anali atakhala pamgolo, akukulunga mabokosi ndi pulasitiki wakuda. Bambowo ali ndi chitini cha penti yoyera ndi kabulashi. Ndimo mmene amagwirira ntchito: mayi akulunga, bambo alemba dzina pamwamba.

Ine adiresi ndinali nditalemba mbali zonse zinayi ndi pamwamba pomwe. Ndinabweranso ndi mapu osindikiza ku laibulale. Ndinawayala pa filiji ya munthu wina.

Ndinati, "Adikoni, apa ndi Hawaii. Apa ndi Australia. Pakatipa, timadontho iti tooneka ngati padutsa ntchentche, ndizo zilumba za Marshall."

Anati, "Ehe."

Ndinawafotokozera zonse, pakuti koleji ndinasiya koma laibulale sindinasiye. Ndinawauza kuti katundu amatsika pa sitima yaikulu ku Majuro, n'kudikira sitima yaing'ono imene imazungulira zilumba zakutali. Sitimayo imapita ndi mpunga, ufa wa tirigu, shuga ndi zam'zitini, pobwerera n'kunyamula kokonati wouma, amene ndiye fodya wa kumeneko. Malonda a kokonatiwo ndi amene anakopa Ajeremani kalekale. Ajeremani atachoka kunabwera Ajapani. Ajapani atagonja pankhondo kunabwera Aamerika, amene anaona zilumba zokongola n'kuganiza zoyeserapo mabomba. Anthu a pachilumba cha Bikini anawakweza sitima n'kuwauza kuti abwerera posachedwa. Ambiri anamwalira akudikira, zidzukulu zawo zikudikirabe. Ndinati anthu amenewa ntchito yodikira sitima amaidziwa kale, ife tisawawonjezere ina.

Ndinawauza kuti pachilumba cha Tiyamike palibe doko. Sitima imaima patali, katundu amatsikira m'timaboti, ndipo ikachoka yachoka, ina idzaoneka patapita miyezi. Ikachedwa, mpunga umatha m'kashopu, anthu amabwerera ku nsomba ndi kokonati. Ndinamaliza ndi kuwauza kuti makolo a anthu amenewa ankayenda nyanja yonseyo pa mabwato, mapu awo ali timitengo tomangamanga ndi tizigoba ta nkhono, akuwerenga mafunde, ndipo ankafika kumene akupita. Choncho ife a makompyuta tilibe chowiringula.

A Kontena anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali kumbuyo. Kenako anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Iwe si mwana wa mayi Nachisale a ku Makwasa? Kuseri kwa chigayo?"

"Ndine amene."

"Ali bwanji mayi?"

"Ali bwino. Koma bokosili likupita ku Pasifiki."

"Ku Pasifiki," anatero, akuyang'ana akazi awo. Mayiwo anaweramira pulasitiki, mapewa akugwedera. Ndinkayesa ndi kuzizira.

Anatsegula bokosi kuti aone zamkati. Meshi. Zitenje. Magalasi achizimayi. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamvetsa zonse. Ndinapempha lisiti ndi nambala yotirakira katundu. Anati iwo sagwira ntchito ndi manambala, amagwira ndi chibale. Akuti nambala imasochera koma mtundu wa munthu susochera. Ndinalipira mtengo umene ananena. Unali wotsika modabwitsa. Ndinaganiza kuti ndi chikhristu.

Pobwerera mpando unali wopanda kanthu. Lamba ndinamusiya chimangire mpaka ku South Bend.

Mu Febuluwale ndinaimba. Anati katundu ali pamadzi. Mu Malichi ndinatekisita. Ali pamadzi. Ndinafunsa ngati wadutsa ku Honolulu. Anati, "Honolulu! Iwe mwana iwe," n'kudula foni. Ndinaimbanso kufunsa dzina la munthu wawo wa ku Majuro. Anati ndi m'bale wodalirika, amapemphera. Kodi kampani yotumiza katundu padziko lonse imayankha choncho? Kodi kupemphera ndi adiresi? Koma ndinathokoza n'kudula foni, pakuti munthu wamkulu samupanikiza ndi mafunso ngati wakuba.

Miyezi imeneyo mapu aja ndinawamata pakhoma, n'kumasuntha kapini pang'onopang'ono kulowera kumadzulo, monga mmene mtima unkandiuzira. Kuntchito ndinauza gogo wina wachizungu amene ndimamumeta ndevu. Iye amaiwala zonse pofika masana, choncho nkhaniyi ndinkamuuza m'mawa uliwonse ngati yatsopano, ndipo m'mawa uliwonse ankandigwira dzanja n'kundifunira zabwino. Mu Amerika monse muno ndi yekhayo amene amandikhulupirira ndikangonena kamodzi.

Mu Epulo, ndili pa buleki, uthenga unalowa. Ndikukopererani mmene unalili.

"Sitima yabwera. Tinatseka sukulu, chilumba chonse kugombe. Ndinaima m'madzi mpaka m'mawondo kuthandiza kulandira matumba a mpunga, ndikuwerenga dzina pa katoni iliyonse ndi diso limodzi. Abusa alandira injini ya boti. Wa masamu walandira mpira ndi mabisiketi kuchokera kwa amayi ake, wandigawira. Boti lomaliza litakhuthula ndinafunsabe. Fatsani, wandipeza. Ndinakhulupiriradi. Iyi yaposa ya mbuzi. Ndasaina chaka china, pepala lapita ndi sitima yomweyo."

Ndinayankha pompo kuti bokosi liliko, ndikulumbira. Intaneti yawo inali itatsekedwa kale. Yankho linadza mulungu wotsatira: "Usamalumbire, ndi tchimo."

Ndinaimbira a Kontena. Ali pamadzi.

Apa ndinene chilungamo, bambowa sananame. Katundu analidi pamadzi. Kungoti dziko lapansili lili ndi nyanja zingapo, ndipo yawo anali atasankha kale.

Mu Meyi amayi anaimba pavidiyo, zimene sachita chifukwa cha bandulo. Chithunzi chitatseguka ndinaona mayi wovala magalasi a Tiyamike ndi chitenje cha Tiyamike. Kumbuyo kwawo mchemwali wanga Esinati, meshi mpaka m'chiuno. Patebulo nyali ya sola ikuyaka masanasana, kuti nayonso ndiione.

"Fatsani mwana wanga! Wandikumbuka!"

Nthungululu mpaka foni kunjenjemera.

Esinati anafotokoza kuti pakhomo panaima galimoto, n'kutsitsa bokosi lokulungidwa ndi pulasitiki wakuda. Pamwamba penti yoyera: MAYI NACHISALE, MAKWASA, KUSERI KWA CHIGAYO. Adiresi yanga ija, ya mbali zonse zinayi, inali mkati mwa pulasitiki. Esinati anaiona. Akuti ankayesa ndi dzina la kampani yopanga makatoni.

"Magalasiwa ndi amphamvu," anatero amayi. "Ndikavala pansi pamapita patali, koma ndizolowera. Kumsonkhano wa azimayi aliyense anayesako. Iweyo ukuoneka mbuu, koma wanenepa."

Kenako anakweza mkono. Wotchi.

"Iyi ndiye ndalira nayo. Malemu bambo ako anandipatsa yotereyi pondifunsira. Tinagulitsa chaka cha njala, iwe uli kumsana. Unadziwa bwanji?"

Ndiuzeni inu amene munamaliza sukulu, pamenepo munthu amati chiyani? Amati amayi vulani? Amati si yanu, ndi ya mtsikana wina amene simukumudziwa, ali pakati pa nyanja? Ine ndinati, "Ndinangoganiza, amayi."

"Koma imachedwa. Wailesi ikati seveni, iyo imati faifi. Esinati akuti apite nayo kwa wokonza."

Ndinati aisiye choncho, ndi mmene anaipangira. Faifi ameneyo si wa m'mawa. Ndi wa madzulo, pachilumba china, nthawi imene ana aweruka ndipo mphunzitsi wina akuchonga makope ndi diso limodzi.

Lamlungu lotsatira ndinadrayivanso kupita ku Indianapolis, ulendo uno wopanda pasenjala. Ndinapeza shopu yotseka. Mayi wa shopu yoyandikana anandiuza kuti lero ndi tsiku la mpikisano wa magalimoto, a Kontena ali kunyumba kwawo ku Speedway. Amene mumakhala kumeneko mukudziwa kuti tsiku limenelo tauni yonse imasanduka malo opakira, aliyense amagulitsa kapinga wa pakhomo pake. Ndinakwawa m'mzere wa magalimoto mpaka dzuwa kufika pamutu. Ndinawapeza ataima pa kapinga, chovala chowala cha anthu a pamsewu chili pamwamba pa tayi, akugwedeza kambendera kuitana ochedwa. Mpikisano unali utayamba. Phokoso lake limabwera ngati njuchi zakwiya, n'kupita, n'kubweranso. Tinkalankhula m'mipata.

"Adikoni, bokosi langa lili ku Makwasa."

"Lafika? Alemekezeke Mulungu! Mayi, mwamva? La a Nachisale lafika!"

"Linkapita ku Pasifiki."

Anatsitsa mbendera.

"Iwe. Unali siliyasi?"

"Ndinabwera ndi mapu."

"Mapuwo ndi amene anatimaliza! Ine ndi mayi tinaseka mulungu wathunthu. Za Ajeremani zija! Mabomba! Timitengo tomangamanga! Tinati mwana uyu akanamaliza sukulu akanakhala loya."

Ndiye kuti mano ali nawo. Amangowasungira kunyumba.

Ndinawakumbutsa zimene analemba pachitseko, kuti kulikonse padziko lapansi. Anati eya, kulikonse: Nsanje, Chitipa, Likoma, ngakhale ku Chipata anapititsako njinga. Ndinafunsa za m'bale wodalirika wa ku Majuro. Anati ankayesa tikusewera. Ine ndikuti Majuro, iwo akuti m'bale, akuti kunali kundilemekeza, nthabwala ya munthu sumaisiya igwe pansi yokha.

"Mwana wanga, taganiza," anatero. "Mnyamata wosakwatira. Bokosi la zitenje ndi meshi. Mayi ako ndikuwadziwa, ndi amasiye. Mmalawi angatumize meshi pakati pa nyanja? Akaluka nsomba? Ine chiyambireni ntchitoyi sindinasocheretsepo katundu. Ndimadziwa kwawo kwa munthu aliyense."

Ndinati kwathu ndimakudziwa ndekha, sindinawalipire kuti andikumbutse.

Njuchi zija zinadutsa. Titamvananso ndinati, "M'sokosi munali wotchi."

Apa bambowa anamvetsa pompo. Ndi dikoni, tanthauzo la wotchi safunsa. Mayi a Kontena, amene anali atabwera ndi madzi akumwa, anagwira pakamwa.

"Mayo ine. Ya ndani?"

"Ya Tiyamike."

"Uja anapita ku umishonale? Kodi ali kumeneko? Ife timangomupempherera kuti ali kunja."

Ndinaganiza kuti tsopano ndimva pepani. Ndinakonzeka ndithu, mpaka ndinawongola msana kuti ndimulandire bwino. A Kontena anakhosomola, n'kunena kuti komabe mayi anga asangalala, ndipo anandikumbutsa lamulo lachisanu. Anati Mulungu amalemba adiresi yake. Anati mgolo wanga wotsatira andichotsera theka la mtengo. Wopita ku Malawi.

Ndinati mgolo sindikufuna. Ndikupempha chinthu chimodzi: alembere Tiyamike uthenga pa nambala yawo, kumuuza kuti bokosi linaliko, analiona ndi maso awo, ndipo analitumiza kwina. Anati zolembalemba zimaononga bizinesi. Anati anthu akamva kuti anasocheretsa katundu adzathawa, pomwe iwo sanasocheretse, linafika kwanu. Kenako anandiuza kuti galimoto yanga yatseka njira, ngati ndikukhala ndilipire ngati ena onse.

Sindikanatha kutuluka, misewu inali itadzaza. Ndinalipira. Ndinakhala m'galimoto pa kapinga wa a Kontena mpaka mpikisano kutha, mawindo otseka, ndikumvera. Magalimoto othamanga kwambiri padziko lapansi, kuzungulira masana onse n'kukathera pomwe anayambira. Ndinawamvetsa.

Nditafika ku South Bend ndinalembera Tiyamike zonse mwatsatanetsatane. Pulasitiki wakuda, penti yoyera, amayi, Esinati, nyali yoyaka masana. Chithunzi cha amayi atavala magalasi ndinatumizanso. Chikuzungulirabe. Yankho lake ndi ili:

"Kikiki! Ndiye bokosi langa lapita kwa amayi ako, ndipo akuvala magalasi anga kutchalitchi? Fatsani, uzilemba mabuku. Ndamumasulira wa masamu, waseka mpaka kugwa pampando."

Mwaona ntchito ya a Kontena? Sanangosocheretsa bokosi. Alisocheretsa mwa njira yoti ndikamanena zoona zikumveka ngati ine. Likanamira m'nyanja bwenzi pali ulemu wake. Likanabedwa bwenzi akundimvera chisoni. Koma kuseri kwa chigayo? Ngakhale ine ndikanauzidwa ndi Fatsani sindikanakhulupirira.

Za wotchi sindinamuuze. Wotchi saiuza, amaipereka. Pagulu lino iye palibe, ndipo amene angamutumizire ndime imeneyi adziwe kuti ndimasambitsa anthu ntchito yanga, ndili ndi manja olimba.

Ndagula ina. Magalasi enanso, meshi winanso. Bokosi lachiwiri lili pano pakona, silinatsekedwe, chifukwa sindinapeze munthu wa ku Majuro, weniweni, wokhala ndi dzina. Ngati wina akudziwa namwino, m'busa, kaya woyendetsa takisi kumeneko, andiuze. Wotchi yatsopanoyo ndaitchera kale. Choncho pano padziko pali mawotchi awiri onena nthawi ya chilumba chimodzi. Ina ili pa mkono wa amayi ku Makwasa, ina ili patebulo langa pambali pa mbale imodzi ndi supuni imodzi. Pachilumbapo palibe ngakhale imodzi.

Chenjezo kwa nonse: mukapita kwa a Kontena ndi katundu wosapita kumudzi, musatchule kwanu. Akakufunsani ngati ndinu mwana wa uje, kanani. Nenani kuti munabadwira m'ndege. Imani pomwepo mpaka muone zimene kabulashi kalemba, ndipo mayi akayamba kugwedera mapewa, dziwani kuti si kuzizira.

Ndipo inu adikoni, ndikudziwa mukuwerenga, pagulu lino ndinu adimini. Ndalama zanga sungani. Theka la mgolo sungani. Za kapinga zija ndapereka ngati chopereka chaufulu. Chaka chimene Tiyamike wasaina simungachibweze, sitima inapita nacho. Koma sitima ina ikubwera, ndipo ndikufuna ikamadzafika adzaimenso kugombe. Sadzaima chifukwa cha mawu anga. Lembani mawu awiri okha pa nambala yanu: bokosi linaliko. Inu akukhulupirirani, pakuti iye sakudziwa kuti mumaseka. Mukhoza kulemba ngakhale pa Sabata, kumene uthengawo ukupita lidzakhala litatha kale. Kodi mawu awiri ndi olemera kuposa filiji? Kodi nawonso akhala pamadzi?

Enanu ndikudziwa zimene zibwere pansipa ndikangotumiza, timankhope tachikasu tija togwetsa misozi. Ikani, sindikuletsani. Koma mmodzi yekha, kaya ndani, alembe kuti wandikhulupirira. Nkhope yanga ndi yomweyi, ina ndilibe.